Sajeni Daka, Mlonda wa Pakhomo la Tchalitchi

A Daka tinawaika m'manda mvula yoyamba itangogwa. Lero chimanga chakhwima, Pasaka wayandikira, ndipo Lamulungu lapitali analengeza m'tchalitchi mwathu ku Nabvutika kuti makoma onse apakidwa laimu Sabata Loyera lisanafike. Anthu anaomba m'manja. Ine sindinaombe, moti mayi wina amene ndinakhala naye pafupi anandigunda ndi chigongono poganiza kuti ndikuwodzera. Pali malo ena pakhoma, pambali pa chitseko, amene sindikufuna kuti burashi iwakhudze. Kuti mumvetse, ndiyenera kukuuzani za munthu amene ankatsamira pamenepo.

Dzina lawo la ubatizo linali Kosimasi, koma kuyambira ku Nabvutika mpaka kumsika wa Kapata, kumene ndimagulitsa tomato, aliyense ankangoti Sajeni. Anali wamtali, wouma ngati phesi. Khutu lawo lakumanzere linafa ndi phokoso la mizinga, choncho ukamalankhula nawo ankapendeketsa mutu ngati akukukayikira, ndipo nthawi zambiri ankakukayikiradi. Ku usilikali ntchito yawo inali yonyamula ovulala pamachira, ndi akufa omwe. Atapuma anakhala katekisiti wathu. Ndisaname, ulaliki wawo unali wogonetsa tulo. Mawu otsekemera analibe, nyimbo ankaiyambira pamwamba n'kuithera pansi, ndipo ana a katekisimu ankawaopa kuposa mmene ankaopera moto wosatha umene ankaphunzitsidwawo.

Anali ndi tizizolowezi timene ife tinkati ndi ukalamba. Sankamudzera munthu kumbuyo. Akamabwera kwanu ankayamba kutsokomola ali patali, kenako n'kuliza belu la njinga pang'onopang'ono, ndipo chitseko sankagogoda. Moni wawo linali funso limodzi lokha, loti mwagona? Ukayankha mwamwambo kuti tagona bwino, ankangokuyang'ana mpaka unene zoona. Ine zimenezi zinkandinyansa, ndipo ndinkawazemba, kufikira pamene mavuto analowa m'nyumba mwanga.

Alongo anga a Gabuliyeli Phiri analowa usilikali ali mnyamata wanthabwala, wokonda mpira. Anawatumiza kumalire nthawi ija zigawenga zinkaoloka kuchokera ku Mozambique kudzatentha midzi. Anabwerako ndi miyendo yonse ndi manja onse, ife n'kuthokoza Mulungu. Ntchito anaigwirabe zaka zambiri, mowa ukuwabisira matenda, mpaka anawapumitsa. Alamu anga anapirira mpaka kupirira kunatha, anatola ana n'kubwerera kwawo ku Chipangali. Ine sindiwaimba mlandu. Ndani angagone mphasa imodzi ndi munthu wosavula jombo?

Inde, jombo. Alongo anga sankazivula, usana ngakhale pogona. Posamba ankavula imodzi, kutsuka phazi, kuivala, kumanga zingwe, ndiye n'kuvula inayo. Zikang'ambika ankakagula zina pa salaula, pogulitsira zovala zakale, n'kusinthira pomwepo, imodziimodzi. Atabwera kudzakhala kwanga ankagona chokhala, msana kukhoma, maso kuchitseko. Mango akagwa padenga la malata alongo anga ankadziponya pansi pa tebulo, munthu wamkulu wa imvi, anthu oyandikana nafe akuseka kuseri kwa mpanda. Tsiku lina ndinaweruka msanga kumsika chifukwa mutu unkandiwawa. Ndinawapeza ataima pansi pa mtengo wa mango, chingwe changa choyanikira zovala chili m'manja, akuyang'ana nthambi. Ndinawalanda chingwecho n'kukachibisa pansi pa thumba la makala, ndipo kuyambira tsiku limenelo zovala ndinkayanika pampanda.

Ndinapita kwa a Daka chifukwa kwina konse ndinali nditapitako kale. Ndinkayembekeza kuti abwera ndi madzi odalitsa ndi korona. Anabwera ndi njinga yopanda katundu, anakhala pakhonde ndi alongo anga masana onse osalankhula zambiri, kenako anandiitana.

"Naphiri, mawa m'mawa uwachapire shati. Tikupita kuchipatala."

"Kuchipatala? Ine ndimati muwapempherere, Sajeni."

"Ndikawapempherera pamzere. Mzere wa kumene kuja ndi wautali, nthawi tikhala nayo yambiri."

Umu ndi mmene ankachitira ndi onse. Ku Nabvutika, ku Kapata ndi m'midzi yapafupi munali amuna angapo otere: ena a kumalire ngati alongo anga, ena amene anatumizidwa kumaiko akutali kukakhalitsa mtendere n'kubwerako opanda mtendere wawo. A Daka ankawadziwa onse, ndipo tsiku la kiliniki ankawatolera ngati mbuzi, wina pa njinga, ena wapansi. Ankakonda kunena kuti mapilisi amamgonetsa munthu tulo koma samuuza chimene adzukire m'mawa, ndipo pemphero limamuuza chodzukira koma silimgonetsa. Wopatsa chimodzi n'kumana chinacho ankamuyesa wakuba. Chifukwa cha mawu amenewa anakangana ndi namwino wa kukiliniki, mayi wolimba mtima amene poyamba ankati zakorona zizithera panja. Anakangana kwa nthawi yaitali, mpaka mayiyo anatopa n'kuwapatsa mpando wawo pakhonde. Pamaliro a Daka, namwino uja ndi amene analira kuposa achibale.

Lachitatu masana amunawa ankakumana kwa a Daka kukasenda nsawa. Sankakhala moyang'anana. Ankandanda m'mbali mwa khoma, lichero pamiyendo, aliyense maso pa ntchito yake. A Daka ankati mwamuna ukamuyang'ana m'maso n'kumufunsa chimene chikumudya amakuuza za mpira, koma manja ake akatanganidwa pakamwa pamatseguka pokha. Nsawazo zinali za akazi awo, ndipo mayi Daka ankadandaula kuti theka linkathera m'kamwa mwa osendawo. Pomaliza ankapemphera pang'ono, motsitsa mawu, popanda kuomba m'manja.

Mkangano umene unawalanda a Daka udindo unayamba ndi a Mwale, mmodzi wa amuna osenda nsawa aja. A Mwale anali atayamba kupeza bwino, mpaka anatsegula kamalo kokonzera njinga. Ndiye kunabwera mneneri wina ndi tenti ndi zokuzira mawu, amene ankati matenda a asilikali ndi mizimu ya anthu amene anawapha, ndipo womwa mapilisi ndi wopanda chikhulupiriro. Achibale anawatengera kumeneko. Anawagwira anthu anayi, mneneri akuwakuwira m'khutu, ng'oma zikulira, mpaka munthuyo anakomoka ndi mantha, iwo n'kumati chiwanda chatuluka. Mapilisi anawataya m'chimbudzi. A Daka anapita kutentiko n'kukaima kutsogolo kwa mneneriyo. Amene analipo amati sanakweze mawu. Anangomuuza kuti munthu amene anagonapo m'dzenje mizinga ikulira samukuwira, ndipo kuti Mulungu amene iwo ankamudziwa si wogontha ngati iwowo. Anyamata a mneneri anawakankhira kunja, njinga yawo n'kupindika gudumu.

Mvula isanathe, a Mwale anawapeza m'nyumba yawo yokonzera njinga atadzimangirira.

Akuluakulu a tchalitchi anakhala pansi n'kugamula kuti munthu wodzipha, amenenso anathawira kwa aneneri, sayimbiridwa nyimbo ndipo katekisiti asapiteko. Wansembe wa nthawi imeneyo anali paulendo. A Daka anamva chigamulocho mutu atapendeketsa, anapita kwawo, anavala mkanjo wawo woyera, n'kukatsogolera mapemphero onse kuyambira panyumba mpaka kumanda. Pamanda ananena kuti msilikali amene wafa ndi bala la kunkhondo, ngakhale patapita zaka zambiri, wafera kunkhondo, ndipo kuti bala la a Mwale linali m'mutu. Lamulungu lotsatira anawalanda mkanjo ndi makiyi. Ine ndinapsa mtima kwambiri, ndipo mkazi wa wapampando wa akuluakuluwo ndinasiya kumuikira basela pa tomato.

A Daka sanadandaule. Lamulungu linalo tinawapeza ataima pakhomo la tchalitchi, phewa litatsamira khoma, nkhope ikuyang'ana panja. Anthu ankati anyanyala. Ena ankati akufuna kuti aliyense wolowa aone mmene awalakwira. Anaima pamenepo Misa yonse, ndi Lamulungu linalo, ndi linalo, mvula kaya dzuwa, mpaka anthu anazolowera n'kumawapatsa maambulera kuti awasungire.

Chifukwa chake anandiuza okha nditawafunsa mwamwano kuti kunyanyalako kudzatha liti. Anati pamene ankaima kutsogolo ankaona chinthu chimene ife sitinkaona. Asilikali aja ankakhala pa benchi yakumbuyo kwenikweni, misana kukhoma, ndipo mpingo wonse ukaweramitsa mitu n'kutsinzina, iwo maso ankakhala ali tong'o, kuyang'ana chitseko. Munthu akalowa mochedwa, mitu yawo yonse inkatembenuka pamodzi. Anati anthu amenewo zaka zonsezi sanapempherepo, ankangolondera ife tikupemphera. Ndiye anawauza kuti kuyambira tsopano pakhomo pali mlonda, ndipo mlondayo ndi sajeni wawo. Anandiuzanso kuti akuluakulu aja anawachitira zabwino osadziwa, chifukwa ntchito yawo yeniyeni inali pakhomo osati paguwa.

Ndinayamba kumacheuka nthawi ya mapemphero. Mmodzimmodzi amuna aja anayamba kutsinzina, wina mpaka ankawodzera n'kuliza mkonono. Alongo anga okha ndi amene sankatsinzina.

Chimene chinawachitikira kumalire ndinachimva mochedwa, kuchokera pakamwa pawo, koma ndichinene pano. Linali tsiku lotentha. Anzawo anatsikira kumtsinje kukasamba, iwo anawaika pa ulonda pamwamba pa chulu. Jombo zinali zitawatupitsa mapazi. Anazivula, anatsamira mtengo, anatsinzina pang'ono. Anadzidzimuka ndi kulira kwa mfuti. Anathawa opanda nsapato m'minga ndi m'ziputu, ndipo ena mwa anzawo aja sanatulukemo m'madzimo. Tchimo limeneli analilapa kwa ansembe osiyanasiyana, aliyense n'kuwakhululukira, koma akatuluka m'kachipinda kolapira ankakhala chimodzimodzi. A Daka ankati ansembe anachita mbali yawo ndipo Mulungu nkhaniyo anaitseka kalekale, koma Phiri akadali pachulu paja chifukwa palibe amene anapita kukamulandira pa gadi, ulonda uja.

Kenaka kunabwera wansembe watsopano, wachinyamata. Pokonzekera Lachinayi Loyera, tsiku limene wansembe amasambitsa mapazi a amuna khumi ndi awiri, akuluakulu anasankha anthu awo a chaka chilichonse, a masokosi oyera ndi nsapato zopolisha. A Daka, amene analibenso udindo uliwonse, anapita okha kwa wansembeyo kukapempha kuti asambitse asilikali aja. Wapampando atamva anakalipa kuti guwa la Mulungu si malo a anthu onunkha kachasu. A Daka anamufunsa ngati kwawo amachapa zovala zimene zili zoyera kale. Wansembe anagawa pakati: ena akhale a akuluakulu, ena a pa benchi yakumbuyo. Dzina la alongo anga linalipo. Ndinkadziwa kuti tikachita manyazi pamaso pa Nabvutika yense.

Misa inayamba dzuwa litapendeka. Amunawo anawakhazika kutsogolo, moyang'ana mpingo. Onse anavula nsapato, alongo anga okha anakhala chiwumire, jombo zili kumapazi, manja atagwira mawondo. Wansembe anayenda chogwada ndi beseni, kusambitsa, kupukuta, mpaka anafika pa iwo. Kwaya inali ikuimba, koma inayamba kuzilala chifukwa oimbawo ankasuzumira. Ndinamva wansembe akunong'ona.

"Bambo, phazi limodzi lokha likwanira."

Alongo anga anayamba kuweramira jombo yakumanja, monga ankachitira posamba. Pomwepo mawu anachokera kukhomo, mawu amene sitinawamvepo mwa a Daka, a pabwalo la perete.

"Phiri!"

Alongo anga anawongoka. "Sajeni!"

"Ndakulandira pa gadi. Njira ndikuiona, kumtsinje ndikuonako, kulibe munthu. Vula zonse ziwiri, utsinzine."

Wapampando anadzuka theka, mkazi wake n'kumukoka jekete. Alongo anga anayang'ana kukhomo nthawi yaitali. A Daka sanacheuke n'komwe, anaima chilili, msana kwa ife, nkhope panja. Kenako manja a alongo anga anapita ku zingwe, koma mfundo zinawakanika. Wansembe anaika thawulo paphewa n'kuwamasulira yekha, jombo yoyamba, kenako yachiwiri. Fungo linafika mpaka pa mabenchi a amayi, ndipo ena anaphimba mphuno ndi zitenje. Mapaziwo anali otuwa, ofewa, a zilonda pakati pa zala, zikhadabo zitapindikira m'mnofu. Wansembe anawaika onse awiri m'beseni. Madzi atawakhudza, alongo anga anatsinzina, ndipo analira mokweza, kukamwa kuli yasa, ngati mwana wotayika pamsika. Ine ndinalira nawo, manyazi ndinaiwala.

Musaganize kuti anachira tsiku limenelo. Mango ankawagwetserabe pansi pa tebulo, kukiliniki ankapitabe, ndipo panali masiku ena oipa amene jombo zinkabwerera kumapazi. Zikatero a Daka ankabwera, kutsokomola patali, kuliza belu, kuima pakhomo langa n'kunena mawu omwe aja. Koma alongo anga anagula patapata. Anayamba kugona chogona. Anapita ku Chipangali kukaona zidzukulu, n'kubwerako ndi thumba la nsawa. Chaka chimenecho ndinatulutsa chingwe changa pansi pa makala n'kuchimanganso pabwalo.

A Daka anadwala nthawi yotentha, chifuwa chimene chinakana mankhwala. Kuchipatala anakana bedi limene anawapatsa, anavuta mpaka anawasinthira lina loyang'ana kuchitseko. Tsiku lomaliza tinapita kukawaona masana, ine ndi alongo anga. Anali atasiya kulankhula, mpweya ukuvuta, koma maso anali tong'o, kuyang'ana khomo la wodi. Wina akalowa, maso ankamutsatira. Mayi Daka anandikokera pambali.

"Naphiri, bambo awa akuvutika, akukana kupita. Zaka zonse ndakhala nawo sindinawaonepo atatsinzina popemphera. Mapilisi amene amatengera anzawo aja, iwonso amamwa omwewo. Anandiletsa kuuza anthu."

Sindinadziwe kuti alongo anga amva. Anatuluka osatsazika. Patapita nthawi ndinamva kugunda kwa mapazi m'khonde la chipatala, kugunda kumene ndinkakudziwa bwino. Anali atapita kunyumba kukavala jombo. Anaima pakhomo la wodi, msana kwa odwala, nkhope panja.

"Sajeni!" anatero. "Ndine Phiri. Ndakulandirani pa gadi. Kulibe munthu. Tsinzinani."

A Daka anayang'ana msana umenewo kanthawi. Kenako zikope zinatsika pang'onopang'ono, nkhope inamasuka. Anapuma mwakachetechete mpaka dzuwa litapendeka, ndipo anapita osatsegulanso maso.

Alongo anga anaima pakhomo la nyumba ya siwa maliro onse, anaima kumanda, ndipo kuchokera tsiku limenelo jombo sanazivule. Abwerera ku kusamba phazi limodzilimodzi. Patapata ali pansi pa bedi, achita fumbi. Kukiliniki ndimawaperekeza ine, tsiku lina amalola, tsiku lina amakana. Lachitatu kwa mayi Daka kulibenso osenda nsawa. Amunawo anapitako kangapo, kenako analeka. Ndinayesa ine. Tsiku lina ndinaima pakhomo la nyumba yanga, ndinalimbitsa mawu, ndinati, "Alongo, ndakulandirani pa gadi, vulani." Anandiyang'ana mwachifundo, ngati mmene umayang'anira mwana amene wavala nsapato za bambo ake.

"Iwe Agnesi," anatero, "sudziwa choyang'ana."

Sabata yatha ndinawaona ataima pansi pa mango, manja ali m'thumba, akuyang'ana m'mwamba. Mwina ankangoona mbalame. Chingwe ndachimasulanso, zovala zabwerera pampanda.

Pakhomo la tchalitchi, mbali ya kumanja ukamalowa, pali banga lakuda pakhoma, lotalika ngati dzanja, pamene phewa la jekete la a Daka linkakhuza. Pansi pake simenti inasalala ndipo inalowa pang'ono. Palibe amene amaimapo. Amayi amatsamiritsapo maambulera, ndipo Lamulungu lina ndinapezapo galu atagona. Alongo anga ndinawafunsa ngati sangaimepo iwo, poti jombo avala kale. Anati akaima pamenepo msana wawo ukhala kwa anthu ambiri, ndipo sangathe. Ndapempha wapampando kuti opaka laimu adumphe pabangapo, iye anandiseka n'kunena kuti tchalitchi si nyumba yosungiramo litsiro.

Benchi yakumbuyo ikadalipo, koma okhalapo akuchepa. Wansembe akati tipemphere, mpingo wonse umaweramitsa mitu n'kutsinzina. Ine ndimacheuka. Chitseko chimakhala chotsegula, panja pakuwala dzuwa, pakhomo palibe munthu, ndipo alongo anga ndi anzawo otsalawo amakhala chiwongokere, maso ali pomwepo.